Momwe mungakometsere mawu a gumbagumba popanda kukhuthula thumba

Wayilesi ya pabalaza ikayamba kulira ngati ili m'ndowa, ambirife timathamangira kukagula masipika atsopano. Inenso ndinatero. Ndinanyamula masipika aakulu pa kabaza mpaka kwathu ku Matawale, kulumikiza, mawu ake omwe aja. Vuto linali pena. Ndiye tsatani ndondomekoyi momwe ndayiikiramu, chifukwa zoyambazi sizifuna ndalama zambiri.

Choyamba, sunthani masipika. M'nyumba zambiri timawapanikiza m'kabati ya TV kapena pakona, pamwamba pake n'kuyalapo kansalu ndi duwa. Atulutseni. Atalikirane pafupifupi mamita 2, ndipo mpando umene mumakhalapo utalikirenso chimodzimodzi kuchoka pa sipika iliyonse. Kasipika kakang'ono kapamwamba kaja kalingane ndi makutu anu mutakhala pansi. Kumbuyo siyani mpata, zisagunde khoma. Besi ya pakona imamveka yamphamvu, inde, koma imameza mawu a woyimba. Ngati pansi ndi simenti yokhayokha, yalani kalipeti ngakhale mkeka, mawu asiye kunjanja.

Chachiwiri, mawaya. Apa m'pamene panali vuto langa. Sipika iliyonse ili ndi polowera pawiri, pofiira ndi pakuda, chimodzimodzinso kumbuyo kwa ampulifaya. Pofiira pazipita pofiira. Mukasemphanitsa mbali imodzi yokha, sipika ina imakankha mpweya pamene inzake ikukoka, ndiye besi imazimirira. Ngati mawaya anu alibe chizindikiro, achotseni ku ampulifaya, mutenge batire la tochi la 1.5V, mugunditse nsonga ziwirizo pang'ono chabe uku mukuyang'ana chipepala cha sipika. Chikatumphukira kunja, waya amene wakhudza kumutu kwa batire ndiye wa pofiira. Mangani kaulusi kuti musaiwale.

Nsonga zikada kapena kubiriwira, dulani musende pena. Tiwaya toonda ngati tsitsi tija tichotseni, mugule waya wa kopa wa 1.5mm ku hadiweya. Ndi wokwanira pabalaza, wina asakunamizeni kuti pakufunika waya wapadera wodula.

Chachitatu, onani komwe nyimbo zikuchokera. Nyimbo yomwe inapanikizidwa kwambiri kuti isadye malo, monga zina zoikitsa pa memory card mwachisawawa, singamveke bwino ngakhale pa makina a mamiliyoni. MP3 ya 128kbps ndi ya 320kbps zimasiyana, makamaka pa mawu a zinganga ndi magitala: ya nambala yaikuluyo ndiyo imamveka bwino. Ngati ampulifaya yanu ndi yakale, musaitaye chifukwa choti ilibe Bluetooth. Kulipo kachipangizo kolandira Bluetooth kamene mumalumikiza pa AUX ndi waya wa mitu iwiri uja, wofiira ndi woyera. Musalumikize pa PHONO, pamenepo ndi pa mbale zakale zija ndipo mawu amasweka.

Mukachita zonsezi koma mtima osakhutira, tsopano tulutsani ndalama, ndipo ziyambe kupita ku masipika. Apa khalani tcheru. Manambala aakulu olembedwa pa katoni, otsatana ndi zilembo za PMPO, ndi okopera ogula basi. Funani a RMS, amene amasonyeza mphamvu yeniyeni ya makinawo. Ampulifaya ya mawatsi 30 kapena 40 RMS mbali iliyonse imadzaza balaza mpaka aneba kugogoda.

Yang'ananinso nambala ya ma ohms kumbuyo kwa sipika: ikachepa, ampulifaya imalemedwa kwambiri. Masipika ambiri a m'nyumba ndi a 6 kapena 8, a m'galimoto amakhala a 4. Chizolowezi chathu chomangirira masipika awiri polowera pamodzi ndi chimene chimapsereza maampulifaya: awiri a 8 mukawalumikiza motero amasanduka 4, awiri a 4 amasanduka 2, makina n'kuyamba kutentha ngati mbaula.

Za kaunjika ndimazikonda. Pioneer, Kenwood kapena Technics yakale yosamalidwa bwino imaposa zambiri zowala magetsi a mitundumitundu zomwe zadzaza m'masitolo. Mukamazungulira mumsika waukulu wa Zomba kapena kwa okonza mawayilesi ku Chinamwali, pitani ndi foni yanu ndi nyimbo imene makutu anu anaizolowera. Musagule osamva. Imvani mbali zonse ziwiri, motsitsa ndi mokweza. Nyamulani sipikayo: bokosi lolemera nthawi zambiri ndi labwino kuposa lopepuka ngati katoni. Chotsani kansalu kakutsogolo muone mphira wozungulira chipepala ngati sanafumbutuke. Kanikizani chipepalacho pang'onopang'ono ndi zala. Chikamakhula mkati, isiyeni. Kenako werengani kachitsulo kakumbuyo kwa ampulifaya. Magetsi athu ndi a 230V. Zochokera ku UK ndi ku Joni zimagwirizana nawo, koma zopangidwira msika wa ku Japan zimakhala za 100V ndipo za ku America 120V. Za 100V ndi 120V zimenezi mukangozilowetsa pakhoma, utsi.

Chokwezera mawu chikamachita kuti kwee-kwee musachite nacho mantha, nthawi zambiri ndi fumbi chabe, ndipo okonza amapoperamo mankhwala otsukira n'kutha. Chingokuthandizani kunenerera mtengo.

Chomaliza, tetezani zomwe muli nazo. Gulani TV guard kuti magetsi akabwerera mwamphamvu asakuphereni makina, ndipo kukayamba ziphaliwali zulani pulagi pakhoma. Kuno kunsi kwa phiri chinyontho ndi chambiri, makamaka nthawi ya dzinja ndi masiku a chiperoni, ndipo mabokosi a masipika akamwa madzi amafufuma n'kumasuka m'makona. Musawakhazike pa simenti, ikani pa kathabwa kapena kampando. Pamwamba pa ampulifaya pali timabowo totulutsira kutentha, ndiye kansalu koluka ka amayi kaja kapezereni malo ena, mwaulemu.