Mmene mungakonzere pulogalamu yatsopano yolembera anthu ntchito musanaiyatse

Kampani ikagula pulogalamu yolembera anthu ntchito, kaya ndi Zoho Recruit kaya Workable kaya ija ya mu Odoo, mabwana amafuna mawa lomwe ikhale ikugwira ntchito, koma anzanga a HR (ofesi yoona za anthu ogwira ntchito) chonde musathamange, zomwe mungasiye osakonza sabata yoyamba zidzakuvutani chaka chonse.

Yambani ndi pepala ndi cholembera, kompyuta ibwere pambuyo. Lembani mmene munthu amayendera kuchokera pomwe watumiza CV mpaka kusaina kontrakiti, apulikeshoni yafika, shortlist (kusankha ochepa oti aitanidwe), intavyu, mayeso ngati alipo, kuimbira ma referee (anthu omuchitira umboni), kalata ya ntchito. Masitepe omwe amabwera kale mu pulogalamumo ena afufuteni ena muwasinthe mayina agwirizane ndi zomwe mumanena mu ofesi mwanumo, ndipo sitepe iliyonse ikhale ndi mwini wake mmodzi, apo ayi ma CV azingogona pamenepo aliyense akuganiza kuti mnzake aona.

Fomu yofunsira ntchito ndi pomwe ndikufuna tikhalitsepo. Mapulogalamuwa anapangidwira kunja ndiye mupeza akufunsa ZIP code ndi state (za adilesi ya kunja), mwina GPA (avareji ya magiredi), pomwe mnyamata wa ku Chitipa adilesi yomwe ali nayo ndi P.O. Box ya sukulu yapafupi basi, fomu ikamukana amangoisiya ndipo inu simudzadziwa n'komwe kuti munataya munthu. Zimenezo zichotseni kapena zisakhale zokakamiza. Pa maphunziro ikanipo MSCE, satifiketi za TEVETA, dipuloma, digiri, mapepala a ICAM kwa a zowerengera ndalama. Deti iziyamba ndi tsiku kenako mwezi, foni izilola +265, nthawi muiike pa CAT (nthawi ya kuno kwathu) chifukwa ikatsala pa UTC (yomwe ili m'mbuyo ndi maola awiri) intavyu ya 10 koloko ikamufikira munthu ngati ya 8 koloko. Lolaninso zithunzi, anthu ambiri satifiketi amangoijambula ndi foni, alibe sikana. Mukamaliza tengani foni yotchipa yokhala ndi kabandulo kakang'ono muyese kudzaza nokha, ikakutopetsani inu ndiye kuti yatalika.

Mafunso a pa fomu omwe amachotsa munthu okha akayankha zosagwirizana ndi zomwe mwaika samalani nawo kwambiri. Mukaika kuti zaka 5 pa ntchito, wa zaka 4 ndi miyezi 10 makina amutaya osamufunsa kanthu, ine ndimakonda miyezi yoyamba makinawo azingoika chizindikiro kenako munthu aone ndi maso. Ndipo za chipembedzo, mtundu, kapena ngati ali pabanja musafunse, Employment Act ya 2000 imaletsa tsankho lotere.

Kenako ndani aziona chani. Manejala wa dipatimenti aziona okhawo ofunsira ntchito ya kwake, za malipiro zikhale kwa anthu ochepa. CV imakhala ndi zinsinsi za munthu ndipo pano tili ndi Data Protection Act ya 2024 yomwe akuyang'anira ndi a MACRA, ndiye gwirizanani kuti omwe sanapeze mwayi muziwasunga nthawi yaitali bwanji. Zakale za ofunsira ntchito zomwe zili mu Excel musangozithira zonse mu pulogalamumo, chotsani mayina obwereza kaye, lowetsani mizere 20 yokha muone ngati zakhala m'malo mwake.

Ma imelo omwe amapita okha alembeni nokha mwaulemu, a IT atsimikize kuti akuchoka pa adilesi ya kampani ndipo sakugwera mu spam. Muikemo chiganizo choti simulipiritsa ndalama iliyonse pofunsira ntchito, akuba onamizira makampani n'kumauza anthu kuti atumize ndalama pa foni achuluka kwambiri.

Musanatsegulire dziko lonse ikani ntchito yongoyeserera, anzanu atatu anayi afunsire pa mafoni osiyana, mmodzi mumukane mmodzi mumuitane ku intavyu muone uthenga womwe aliyense walandira. Zikayenda yambani ndi ntchito imodzi yeniyeni, zinazo zidikire mpaka imeneyi itapeza munthu.