Agogo akamagona chokhala, musamati ndi ukalamba basi

Abale anga, pali matenda ena a mtima amene amatipusitsa kwambiri. Mtimatu umagwira ntchito ziwiri, kufinya kuti magazi atuluke kenako kumasuka kuti ena alowe, ndiye BP ikakhala yokwera zaka ndi zaka mnofu wa mtima umakhuthala nkuuma gwa, sumasukanso bwino, magazi ochokera m'mapapo amasowa polowa mpaka madzi amayamba kudzadza m'mapapo ndi m'miyendo. Madokotala amati diastolic dysfunction. Kafukufuku amasonyeza kuti pafupifupi theka la odwala heart failure, kutanthauza mtima kulephera kugwira bwino ntchito yake, ali ndi mtundu umenewu, ambiri ndi amayi achikulire a BP, shuga kapena onenepa.

Chopusitsa chake nchakuti akajambulidwa echo, makina aja oonetsa momwe mtima ukugwirira ntchito, ku Kamuzu Central mphamvu yopopa ija imatuluka 50% kapena kuposa, achibale nkumati iii mtima uli bwino, pomwe agogo akubanika usiku mpaka kusanjikiza mapilo atatu.

Ndiye chochita ndi ichi. Pezani sikelo, ayime m'mawa uliwonse akangochoka kokodza asanamwe tiyi, mulembe m'kope. Akakwera makilo 2 m'masiku atatu amenewo ndi madzi, si nsima ayi, pitani nawo kuchipatala, monga cha Kawale kapena cha Area 25, tsiku lomwelo, musadikire deti la kiliniki.

Mchere nde pamene pagona nkhani. A WHO amati usafike magalamu 5 patsiku, kasupuni kamodzi ka tiyi, koma ife timawerenga wa m'botolo okha nkuiwala ma cube a mu ndiwo, usipa wothira mchere, tchipisi cha pachiwaya, komanso soda wa m'therere, eya soda ameneyo alinso ndi sodium yemweyo wa mu mchere wosunga madzi m'thupi. Ndikudziwa therere lopanda soda ena amati si therere, koma agogo apatulireni kampoto kawo.

Mawondo akawawa musawagulire brufen kapena diclofenac ku golosale, amasungitsa madzi komanso amavutitsa impso. Furosemide, uja amati wokodzetsa, amwe m'mawa kuti agone usiku, ndipo mankhwala a BP asasiye chifukwa lero akumva bwino. Mu 2021 kafukufuku wamkulu anapeza kuti empagliflozin, amene poyamba anali wa shuga, amachepetsa kugonekedwa m'chipatala kwa odwala otere, mukapita kukiliniki afunseni adokotala ngati angawayenere.