Mukapeza kamera ya vidiyo ya chubu ya m'ma 1980, iyatseni chonchi

Choyamba musavutike kufunafuna polowetsa kaseti, pa makamera ambiri a nthawi imeneyo palibe. Sony Betamovie, kamera yokhala ndi kaseti mkati momwemo, isanatuluke mu 1983 kamera ya anthu wamba inali kamera basi, tepi imakhala m'makina ena, VCR (makina ojambulira vidiyo pa kaseti) yolemera yokoleka paphewa ndi lamba, ndiye ziwirizi zimalumikizidwa ndi chingwe chonenepa cha mapini 10, za Sony za Betamax zinali za mapini 14. Chingwe chomwecho ndi chimene chimabweretsa magetsi a 12 volts ku kamera n'kutenga chithunzi ndi mawu kupita ku tepi. Ngati VCR yo palibe pezani adaputa ya kamerayo, zambiri zili ndi potulukira vidiyo, mulumikize pa TV pa kabowo kachikasu kaja. Batire la VCR yo iwalani, linafa kalekale.

Musanabaye pa soketi werengani kuseri kwa adaputa. Za ku America ndi Japan ndi za 100 kapena 120 volts pomwe kuno ndi 230, popanda thiransifoma ipsa pompo. Komanso zimenezo ndi NTSC, mtundu wa siginolo ya TV wa kumeneko, TV yakale ya PAL, mtundu wa kuno, ikhoza kuonetsa chithunzi chopanda kala kapena chongothamanga.

Mukayatsa dikirani pang'ono itenthe. Mkatimo mulibe sensa ngati ya foni, muli chubu chagalasi, dzina lake nthawi zambiri limalembedwa pambali pa kamera, vidicon, Saticon, Newvicon kapena Trinicon ya Sony. Lens imaponya chithunzi pankhope ya chubucho ndipo kuseri kwake kankhosi ka ma electron kamasesa mzere ndi mzere kuwerenga powala ndi pakuda, mizere 625 pa PAL, 525 pa NTSC. Za ku studio zinali ndi machubu atatu, chofiira, chobiriwira ndi cha buluu, koma izi zonyamula n'chimodzi chokha chokhala ndi timizere ta mitundu kutsogolo kwake, mawaya amkati ndi amene amalekanitsa mitunduyo. N'chifukwa chake kala yake imasochera msanga, munthu kuoneka wobiriwira nkhope. Ndiye sankhani kaswitchi ka panja kapena m'nyumba, lozetsani papepala loyera lidzaze chithunzi chonse, dinani white balance, mukasintha malo bwerezaninso.

Apa ndiye mvetsetsani, osailozetsa kudzuwa ngakhale ili yozima, osati pa babu, osati pa owotcherera zitsulo. Kuwala kwamphamvu kumawotcha nkhope ya chubu n'kusiya banga lomwe limaoneka pa chilichonse mungajambule, ndipo chubu chatsopano simuchipeza m'shopu. Mukamaliza tsekani iris, kabowo kolowetsa kuwala mu lens, bwezerani chivindikiro cha lens.

Mchira wa kuwala umene umatsata kandulo kapena nyali ya galimoto usiku si vuto ayi, ndi mmene machubu alili, ine ndimaona kuti kukoma kwake ndi komweko. Kaviewfinder, kosuzumira pojambula, koonetsa zakuda ndi zoyera nakonso sikanaonongeke, ndi ka TV kakang'ono kopanda kala, mitundu muzionera pa TV yaikulu.