Mmene mphunzitsi wamkulu angagwiritsire ntchito mbiri ya moyo wake posintha zinthu pasukulu

Mukalandira kalata yokutumizani kukakhala mphunzitsi wamkulu pasukulu ya mumzinda wa Blantyre, kaya ku Ndirande, ku Bangwe kapena ku Chilomoni, musanasinthe chilichonse khalani pansi ndi kope, mulembe mmene inuyo munaphunzirira. Zimene zinakupwetekani kapena kukuthandizani muli mwana ndi zimene maso anu adzayambe kuona mukangolowa pageti, ndipo zina mudzazipitirira osadziwa.

Munthu amene anayamba Sitandade 1 mu 1994, chaka chimene boma la Bakili Muluzi linathetsa fizi kupulayimale ndipo ana anachuluka kuchoka pafupifupi pa 1.9 miliyoni kufika pafupifupi 3 miliyoni, amadziwa kulemba kope lili pabondo pansi pa mtengo wa mango, mvula ikangoyamba kalasi n'kubalalika. Wotereyu akapatsidwa udindo amathamangira njerwa, malata ndi madesiki. Amene anadzera kusukulu ya mishoni monga HHI (Henry Henderson Institute) ya mu Blantyre, kapena yogonera komweko, nthawi zambiri amayamba ndi belu, yunifolomu ndi mwambo. Mayi amene anaona anzake akusiya sukulu chifukwa cha mimba amatsegula kaye kaundula wa atsikana, pokumbukira kuti kuyambira 1993 mtsikana amaloledwa kubwerera m'kalasi akabereka. Palibe wolakwa pa atatuwa, koma aliyense wagwira mbali imodzi yokha.

Mukatha kulemba, ikani kopelo pambali pa kaundula wa ana ndi zotsatira za mayeso a PSLCE (mayeso a boma a Sitandade 8) za zaka zitatu zapitazo, kenako mudzifunse ngati vuto limene likukudyani mumtima ndi lomwelo limene likugwetsa ana pasukuluyi. Apa m'pofunika kudekha. Ngati munaleredwa ndi belu, mtima wanu udzakuuzani kuti muzitseka geti nthawi ikakwana, koma muyambe mwaima pagetipo m'mawa kwa mlungu wathunthu n'kumafunsa aliyense wochedwa. Wina adzakuuzani kuti anali pamzere wa madzi pa kiosiki kuyambira mbandakucha, wina anayamba waperekeza beseni la mandasi kumsika, ndipo wina mudzamuona atagwira kapu yapulasitiki, akuyang'anitsitsa kumene kukuphikidwa phala osati kukalasi. Mwana wotere mukamubweza pageti ndiye kuti mwamulanda maphunziro ndi chakudya chomwe.

Chotsatira n'kufunafuna dala anthu amene anakula mosiyana ndi inu. Wachiwiri wanu, a komiti ya sukulu, a PTA (bungwe la makolo ndi aphunzitsi), gulu la amayi, mafumu a m'deralo ndi a PEA (alangizi a zamaphunzitsidwe m'sukulu zapulayimale) ku TDC (likulu la sukulu za m'zoni yanu) amadziwa zimene inu simungazione. Namondwe wa Freddy atawononga ku Chilobwe ndi Soche mu Malichi 2023, sukulu zambiri zinasanduka misasa ya anthu osowa pokhala, ndipo pa nthawi ngati imeneyo munthu wodziwa banja lililonse ndi kumene lasamukira amathandiza kuposa mapepala a muofesi.

Pofotokozera aphunzitsi ndi makolo zimene mukufuna kusintha, musabise kumene maganizowo achokera. Mukanena kuti mukulimbikira zimbudzi za atsikana chifukwa mchemwali wanu anasiya sukulu atatha msinkhu, makolo amamvetsa msanga kusiyana ndi kuwawerengera kalata ya ku unduna. Chimene muyenera kupewa ndi mawu akuti "ife nthawi yathu", omwe kawirikawiri amatsegulira njira chikwapu, pamene kumenya ana n'koletsedwa m'sukulu za boma.

Pandalama za SIG, zimene boma limapereka zotukulira sukulu, sankhani pamodzi ndi komiti chinthu chimodzi chokha cha teremu imeneyo, mulembe m'maminitsi chifukwa chake, ndipo teremu ikamatha mutsegulenso kaundula kuti muwerenge ana amene abwerera ndi amene akujombabe.