Momwe mungagwiritsire ntchito kompyuta pothandiza ana kufufuza okha

Sukulu zambiri zomwe mumaphunzira ana ochokera m'mayiko osiyanasiyana zimatsata maphunziro a International Baccalaureate, omwe anayambira ku Geneva mu 1968. Kumeneko mwana amayenera kufunsa, kufufuza, kenako n'kupanga chinthu chooneka. Omaliza pulayimale amakonza chionetsero, pomwe a Diploma (a zaka ziwiri zomaliza za sekondale) amalemba kafukufuku wa mawu osapitirira 4,000. Kompyuta imathandiza pa zonsezi, bola ilowe pa nthawi yake.

Yambani ndi funso, makompyuta ali chitsekere. Apa ndiye ndimaumirira kwambiri, chifukwa mwana akatsegula Google asanadziwe chomwe akufuna, amangokopera zomwe zayamba kutuluka. Apatseni ana vuto lomwe akulimva m'thupi, monga kutentha kwa m'kalasi masana. Alekeni atsutsane mpaka funso litapsa: kodi tikatsegula mawindo onse, kutentha kumatsika ndi madigiri angati?

Funso likapezeka, sankhani chida. Pa chitsanzo chathuchi, micro:bit ndi yokwanira. Ndi kakompyuta kokwana m'chikhatho komwe BBC inagawira ana a sukulu ku Britain mu 2016. Ana akauze kuti kazionetsa kutentha akadina batani, ndipo azilemba manambalawo mu Google Sheets (pulogalamu yosungira manambala m'matebulo) ola lililonse kwa sabata yathunthu. Kachipangizoka kamayeza kutentha kwa purosesa yake (kabongo kake kam'kati), ndiye ikani themometa wamba pambali pake. Manambala akasiyana musawauze chifukwa chake. Mudzaona mitu itagundana pamwamba pa kachipangizoko, aliyense akuloza ndi chala, ndipo phunziro lenileni limayambira pomwepo. Zomwe simungathe kuyesa m'kalasi, monga mmene mpweya umasungira kutentha padziko, aziyesere pa PhET, tsamba laulere la yunivesite ya Colorado Boulder.

Chachitatu, ulendo wonse uzilembedwa. Gulu lililonse likhale ndi tsamba lake la Google Docs loikamo zithunzi, mafunso atsopano, ngakhale zomwe zakanika. Mbiri ya tsambalo imaonetsa yemwe walemba chiyani, choncho waulesi sabisala kumbuyo kwa anzake. Mwana yemwe sanazolowere chilankhulo cha m'kalasi mloleni awerenge m'chilankhulo chakwawo, ajambule mawu ake akufotokoza, kulemba kubwere pambuyo.

Nanga ChatGPT, pulogalamu yomwe imayankha mafunso ndi kulemba ngati munthu? Mu 2023 a International Baccalaureate ananena kuti saletsa zida zoterezi, koma wophunzira azitchula poyera mawu aliwonse omwe watengako. Ine ndimawonjezera lamulo limodzi: yankho la makina alitsimikize pena kawiri asanalikhulupirire.

Pomaliza, apezereni omvera enieni. Aonetse ma girafu awo kwa oyendetsa sukulu, anene zoti zisinthidwe, ndipo makolo okhala kunja kwa dziko awonerere pa vidiyo. Musanaike nkhope kapena dzina la mwana pa intaneti, pemphani chilolezo cholembedwa kwa makolo ake.