Musanasaine fomu ya kafukufuku wa mankhwala kuno ku Joni

Kafukufuku wa mankhwala ndi katemera amachitika kwambiri mu Johannesburg, makamaka pa chipatala cha Chris Hani Baragwanath ku Soweto ndi ku Wits RHI, malo ofufuzira zaumoyo a yunivesite ya Wits, ku Hillbrow. Katemera wa Covid-19 wa ku Oxford anayesedwa konkuno mu 2020. Tsiku lina muli pamzere ku kiliniki, anamwino akhoza kukupemphani kuti mulowe nawo.

Gawo 12 la malamulo aakulu a South Africa limaletsa kuyesera mankhwala pa munthu asanamvetse ndi kuvomera, ndipo limateteza ndi alendo omwe. Lamulo la zaumoyo la National Health Act la 2003 limati chilolezocho chikhale cholembedwa. Kafukufukuyo akhalenso wovomerezedwa ndi SAHPRA, bungwe la boma loyang'anira mankhwala, ndi komiti yoteteza olowa mu kafukufuku, monga ya ku yunivesite ya Wits. Nambala ya foni ya komitiyo imakhala pa fomu. Ikasowa, musasaine.

Chimene chimatipweteka Amalawife ndi ulemu. Adokotala akathamangitsa Chizungu kapena Chizulu, timangoti "inde, inde" kuopa kuoneka mbuli. Pemphani womasulira Chichewa, koma asakhale abwana anu kapena eni nyumba, chifukwa muzikamba za matenda anu. Fomu tengani mukawerenge kunyumba mofatsa. Wosadziwa kuwerenga amadinda chala pali mboni yomwe si ya gulu la ofufuzawo. Mukasaina, akupatseni kope lanu. Mwana wosakwana zaka 18 amamusainira kholo kapena womulera, naye atavomera.

Funsani ngati pali placebo, piritsi kapena jakisoni wofanana ndi weniweni koma wopanda mankhwala. Gulu lomwe mugwere, la mankhwala enieni kapena la placebo, imasankha ndi kompyuta mwa maere, ndipo nthawi zambiri adokotala nawonso sadziwa. Apa ndi pomwe ena amagwa: alowa kafukufuku wopewa HIV, nkutaya makondomu poganiza kuti atetezeka.

Za magazi musachite nazo manyazi. Mantha a anamapopa aja anavuta kumudzi mu 2017 amakula pamene palibe wofotokoza. Akuuzeni kuti azitenga mamililita angati ulendo uliwonse (supuni ya tiyi ndi mamililita 5), akupita labotale iti, asungidwa mpaka liti. Kusunga magazi kuti adzagwire ntchito pa kafukufuku wina ndi nkhani ina, mukhoza kukana.

Nenani zonse zimene mukumwa: ma ARV, a shuga, a zitsamba ochokera kumudzi. Mankhwala ena amalimbana ndi oyesedwawo m'chiwindi, ndipo ofufuza sangadziwe chakudwalitsani. Amayi afunse za pakati ndi kulera. Ngati mu Disembala mukwera basi ya ku Blantyre kapena ku Mzimba, nenani pachiyambi, chifukwa masiku obwera kudzapimidwa amakhala oikika.

Ndalama imene amapereka ndi ya thiransipoti ndi nthawi yanu. Si malipiro, ndipo kafukufuku sakonza mapepala okhalira m'dziko. Kulowa makafukufuku awiri mobisa pofuna ndalama nkudziika pangozi. Funsaninso amene alipire chipatala mankhwalawo akakuvulazani.

Mukhoza kutuluka tsiku lililonse osapereka chifukwa, ndipo chithandizo chanu cha ku kiliniki sichiima. Koma musangozimitsa foni nkusowa. Pitani akakupimeni komaliza, chifukwa jakisoni wina amakhala m'thupi miyezi yambiri mutasiya kubayitsa.