Mmene Mungakonzere Ufa wa Magnesium Kuti Usunge Haidrojeni

Magnesium ikatenthedwa pamodzi ndi mpweya wa haidrojeni imaumeza mpweyawo n'kusanduka ufa wotuwa wotchedwa magnesium hydride, umene umalembedwa kuti MgH2. Kilogalamu imodzi ya ufawu imasunga magalamu 76 a haidrojeni, amene akanadzaza malita pafupifupi 850 akanakhala pa mtetete. Chovuta n'chakuti chitsulochi chikagwira sichifuna kutaya, moti ufawo uyenera kufika pafupifupi madigiri 300 kuti haidrojeni ayambe kutuluka. Choncho ntchito yonse ya mu labotale yagona pa kutchinga okosijeni ndi kuyendetsa bwino kutentha.

Yambani ndi kusankha chosakaniza. Mu 1968, Reilly ndi Wiswall a ku Brookhaven National Laboratory ku America anaonetsa kuti magnesium yosakaniza ndi nickel, ya mtundu wa Mg2Ni, imameza ndi kutulutsa haidrojeni mosavutirapo, pa madigiri pafupifupi 250. Komabe nickel ndi yolemera, ndipo chosakanizachi chimangosunga 3.6 peresenti ya kulemera kwake pomwe magnesium payokha imafika 7.6 peresenti. Ngati cholinga chanu ndi kusunga wambiri, nzeru ndi kusiya magnesium ichuluke n'kuthiramo pang'ono chabe chofulumizitsa ntchito, monga niobium oxide, imene ofufuza a ku Geesthacht ku Germany anaonetsa mu 2003 kuti imathandiza kwambiri.

Musanatsegule botolo la ufa, lilowetseni m'bokosi lotsekeka la magolovesi lodzaza ndi argon, mpweya umene susintha magnesium, ndipo kuyeza, kusakaniza ndi kutseka zonse zichitikire mmenemo. Magnesium ikangokhudzana ndi okosijeni kapena chinyezi imavala kachikhungu kopyapyala kamene maso sangakaone, koma kamatsekereza haidrojeni. Ambiri amene zotsatira zawo zimakhumudwitsa amathamangira kukayikira chosakaniza, chikhalirecho cholakwa chinachitika pa mphindi zochepa zimene ufa unali pa mphepo.

Kenaka gayani ufawo m'chigayo cha mipira yachitsulo, chimene chimazunguza mipirayo m'kabotolo kotseka mpaka timibulu ta ufa titaphwanyika. Kugayaku n'kofunika chifukwa haidrojeni amayamba kugwira kunja kwa kambulu, ndipo hydride yopangika pamenepo imamuletsa kulowa mkati, monga mbatata yootcha pa moto waukulu imene imapserera kunja mkati mukadali mwawisi. Kambulu kakachepa, mtunda woti haidrojeni ayende umafupika. Ndi bwino kugaya MgH2 m'malo mwa magnesium yosameza kanthu, pakuti hydride imasweka msanga pomwe chitsulo chofewacho chimangophwatalala n'kumamatira ku mipira. Mipira ilemere kuposa ufa kakhumi kapena kupitirira apo, ndipo pa maola ambiri amene kugaya kumatenga muzipumitsa chigayo kuti kabotolo kazizire.

Ufa wogayidwawo uikeni m'kachubu kachitsulo cholimba, mukadali m'bokosi la argon, n'kukalumikiza ku makina a Sieverts, oyezera kuchuluka kwa haidrojeni womezedwa kapena wotulutsidwa. Popani mpweya wonse kuti utuluke, tenthetsani mpaka madigiri 350 kuti MgH2 itaye haidrojeni wake, ndipo lowetsani haidrojeni wopanikizidwa pa mabar 20 mpaka 30 (bar ndi muyezo wa kupanikizika kwa mpweya). Kutsika kwa nambala pa geji ndiko kumaonetsa kuchuluka kwa amene wamezedwa. Ulendo woyamba umachedwa ndithu, ndipo musataye mtima. Tulutsani, lowetsaninso, ndipo bwerezani kangapo mpaka liwiro litakhazikika, chifukwa kutupa ndi kufota kwa timibulu kumang'amba kachikhungu kaja. Siyani malo m'kachubumo, popeza magnesium imatupa ndi pafupifupi 30 peresenti ikakhuta.

Mukafuna kuchoka pa magalamu ochepa kupita ku thanki yeniyeni, nkhani ya kutentha ndiyo imakula. Pomeza haidrojeni ufawo umatulutsa kutentha kwa makilojuli (muyezo wa mphamvu) 75 pa magalamu awiri alionse a mpweya, ndipo kutenthako kukapanda kuchotsedwa ufa umaleka kumeza. Potulutsa muyenera kubwezera kutentha komweko, kumene ndi pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu a mphamvu imene haidrojeniyo akanapereka. Ufa wamwazimwazi sudutsitsa bwino kutentha, n'chifukwa chake ofufuza a ku Grenoble ndi kampani ya McPhy ku France ankausakaniza ndi graphite, zakuda zija za m'kati mwa pensulo zimene zimadutsitsa bwino kutentha, n'kuupanikiza kukhala timbale tolimba. Kwa ine, thanki yotere malo ake ndi pafupi ndi fakitale imene ili kale ndi kutentha kongotayika, osati m'galimoto yaing'ono.

Pa za chitetezo sipafunika kunyengerera. Haidrojeni amayaka akangofika 4 peresenti mu mpweya wa m'chipinda, choncho pakhale chipangizo chochenjeza akamatuluka ndi potulukira mphepo kudenga, kumene iye amathamangira. Ufa wogayidwa ukhoza kuyaka wokha ukakumana ndi mphepo, ndipo madzi amaukolezera chifukwa amatulutsanso haidrojeni wina. Pafupi ndi tebulo logwirirapo ntchito pakhale chidebe cha mchenga wouma ndi chozimitsira moto cha gulu D, chopangidwira moto wa zitsulo.